Njira Imene a Yotamu Anaipha

Lachiwiri lapitali, tikuchokera ku Lilongwe, mayi wina wa dengu la mtedza anagogoda denga la minibasi n'kunena kuti atsikira pa Lambulani. Bambo amene anakhala nane kutsogolo, wa tayi, wopita kuboda kukaombola galimoto, anasuzumira pawindo n'kundifunsa ngati Lambulaniyo ndi golosale kapena sukulu, poti iye sankaona chilichonse kupatula mtengo wa mango ndi benchi yopendekeka. Ndinamuuza kuti anali munthu. Ndinafuna kuwonjezera, koma kumbuyo kunali thiraki ikuliza hutala, ndiye ndinangoponda mafuta. Mwezi uno chakwana chaka chiwaikireni m'manda, ndipo ndati ndilembe zimene ndinalephera kumuuza bambo wa tayi uja.

Dzina lawo lenileni anali a Yotamu. La Lambulani tinawapatsa ndife makondakitala, m'zaka zimene minibasi zinachuluka mumsewu wa Mchinji itangotha referendamu. Nthawi imeneyo ine ndinali kondakitala, udalaivala ndayamba pambuyo pake. Ukadutsa m'mawa umawapeza atawerama akulambula pamene njira ya kunkhalango imachokera pamsewu. Ukabwerera masana umawapeza pabenchi akunola khasu lomwelo. Dzinalo sankalikonda, ankati anabatizidwa kale, koma wina akaliitana ankatembenuka.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wovala jombo ngakhale mu Okutobala. Kuyenda kwawo kunali kokwiyitsa. Ankaponda pang'onopang'ono ngati akusankha pothira mbewu, ndipo alendo a m'tauni ankawapitirira poyambirira akusekerera. Likatha ola limodzi a Yotamu ankawapeza atakhala pamwala, malilime ali kunja, n'kuwadutsa, liwiro lake lomwe lija. Sindinamvepo kuti anapumapo panjira. Amene ankafuna kupuma ankauzidwa kuti apume akuyenda.

Kwawo kunali ku Thyolo. Anabwera kuno ali mnyamata kudzagwira utenanti pa esiteti ina cha ku Mkanda, ndipo ntchito yawo yaikulu inali kudula nkhuni zowotchera fodya m'mabani. Iwo eni ankanena poyera kuti palibe munthu m'boma lino amene anagwetsa mitengo yambiri ndi nkhwangwa kuposa iwo. Sankanena modandaula kapena modzitama, ankangonena ngati mmene munthu amatchulira sukulu imene anaphunzira. Atatopa ndi utenanti analembedwa ntchito kunkhalango ya boma, yolambula mizere yotchinga moto ndi njira zoyendamo alonda. Anakwatira a Nambewe m'mudzi wa m'munsi mwa phiri n'kukhala mkamwini, ndipo chikamwinicho chinawakhala mpaka imfa. Chilankhulo cha kwawo sanachitaye. Akakwiya mawu ankawatulutsa a ku Thyolo, ndipo a Nambewe ankati zikatero amadziwa kuti nkhani yafika povuta.

Matipate atabwera, ambiri a ntchito ngati yawo anapatsidwa makalata oti ntchito yatha. A Yotamu analandira yawo Lachisanu. Lolemba anadzuka, kuvala jombo, kutenga khasu ndi chikwanje, ulendo kuphiri. A Nambewe atawafunsa kuti kodi kalata ija sanaimve, anayankha kuti kalatayo yapita kwa iwo, koma udzu sunalandire kalata. Kuyambira pamenepo ankalima munda wa apongozi m'mamawa, kenako n'kumalambula njira za boma popanda wowatuma.

Njirazo zinalipo zitatu. Yoyamba inali yaifupi, yodutsa m'misuku, yoyenera ana ndi anthu a mimba zazikulu. Yachiwiri inkakwera mpaka pa Thanthwe, mwala waukulu wapamwamba pomwe munthu umaona msewu wonse, malata a kuboda, ndi minda ya ku Zambia kuseri kwake. Yachitatu inali ya pa Mbawa. Anthu amene anawadziwa a Yotamu mochedwa adzakuuzani kuti njira zinali ziwiri, chifukwa ndi zimene iwo ankanena m'zaka zawo zomaliza, ndipo ankanena ndi nkhope yowuma. Ine ndikudziwa kuti zinali zitatu chifukwa yachitatuyo ndinayendamo.

Alendo ankabwera ndi ife. Ubwino wa malowo unali woti sipafunika galimoto yako. Ukwera minibasi pa depoti ku Lilongwe, utsika pa mango, ndipo nkhalango ukuiona apo. Kunkabwera anamwino Lamlungu lawo lopuma, aphunzitsi, magulu a mapemphero ofuna kukasala kuphiri, ndi azungu a zikwama zazitali amene ankatidzazira mipando iwiri munthu mmodzi. Onsewa a Yotamu ankawalandira mofanana, kutanthauza kuti onse ankayamba awasecha. Pansi pa benchi panali chitini cha mkaka wa ana, ndipo aliyense wokhala ndi machesi ankasiya mmenemo, kudzatenga pobwerera. M'busa wina anakana, nati iye sasuta, machesiwo ndi oyatsira kandulo popemphera. A Yotamu anamuuza mwaulemu kuti Mulungu amaona ngakhale popanda kandulo, koma udzu wa mu Seputembala sudziwa kusiyanitsa moto wa m'busa ndi wa wosaka mbewa. M'busayo anasiya machesi.

Ngati gulu lili lalikulu iwo ankatsogola, ndipo pa mphambano iliyonse ankatseka njira yosayenera monga amachitira anthu akumudzi, kulemba mzere pansi ndi khasu n'kuikapo masamba aawisi. A m'tauni ankayenera kuuzidwa kawiri, chifukwa ena ankaona masambawo n'kuganiza kuti ndiko akuitanidwira. Za zikwangwani ndi penti sankafuna kumva. Gulu lina la kwaya litalemba dzina la mpingo wawo pa Thanthwe ndi penti yoyera, anawatsatira mpaka kutchalitchi kwawo pa njinga, ndipo Loweruka lotsatira anyamata a kwayayo anakwera phiri ndi mchenga ndi zigubu za madzi kukakwecha. Anayambananso ndi osaka mbewa, ndi owotcha makala, ndiponso ndi dalaivala wanga wa nthawi imeneyo, amene ankatsitsa anthu galimoto ikuyenda. Wowotcha makala wina anawauza kuti ino ndi demokalase, nkhalango ndi ya aliyense. Iwo anavomera kuti ndi ya aliyense, n'kumufunsa kuti nanga bwanji akuitenga yekha. Sikuti ankapambana mikangano yonseyi. Makala anapitiriza kutsika phiri pa njinga, ndipo mbali yoyang'ana kumsewu inayera tikuona.

Mawu amene ankawabwereza kwambiri anali okhudza njira. Ankati njira ndi chinthu chamoyo, chakudya chake ndi mapazi a anthu. Ukaidyetsa imanenepa, ukaimana mvula ziwiri imafa. Ife tinkangoseka, tinkati ndi nzeru za munthu amene wakhalitsa ndi khasu.

Ine anandipititsa pa Mbawa tsiku limene minibasi yathu inafera pafupi ndi mango. Dalaivala anakwera ina kukasaka sipeya ku Lilongwe, ndipo ine ndinali ndi tsiku lonse lopanda chochita. A Yotamu anayang'ana mapatapata anga, anapukusa mutu, koma anati tiyeni. Tinayenda maola atatu. Njirayo inali yosiyana ndi zinazo. M'malo otsetsereka anaikamo miyala ngati masitepe, podutsa madzi anagoneka mitengo iwiriiwiri, ndipo paliponse inali yotakasuka moti mayi wosenza mtolo sakanakodwa. Anandiuza kuti anaiyamba ali pantchito, kutsatira kanjira ka nguluwe, ndipo inawatengera zaka zoposa khumi kuti ifike pamene inafikapo. Inkakhota kwambiri, kuzungulira timapiri tofanana tokhatokha, moti titafika sindikanatha kuloza kumene kunali msewu.

Kumapeto kwake kunali chigwa chaching'ono, ndipo m'chigwamo munali mibawa isanu ndi inayi itazungulira kasupe. Ine ndine wa m'tauni, mbawa ndinkaidziwa ngati tebulo. Sindinkadziwa kuti mtengo ungatalike mpaka khosi kupweteka poyang'ana nsonga yake. Pansi panali pozizira ngati m'nyumba ya udzu, ndipo madzi ankatuluka pakati pa mizu. A Yotamu anavula chipewa, n'kupita pa mtengo waukulu kuposa yonse, n'kuukumbatira, manja osafika ngakhale theka. Anandiuza kuti madzi amenewa ndi amene amatsika ndi kamtsinje ka Kachule mpaka kumudzi kwa akazi awo, ndipo ndi chifukwa chake Kachule saphwa pamene mitsinje ina yonse yasanduka mchenga. Anatolanso njere ya mbawa, yopyapyala, yofiirira, yokhala ndi kaphiko m'mbali, n'kundionetsa mmene imayandamira pamadzi. Ndinasangalala tsiku limenelo kuposa mmene ndingafotokozere, ngakhale mapazi anatupa sabata yathunthu.

Vuto la kondakitala ndi pakamwa. Kuchokera tsiku limenelo aliyense wokwera amene wafunsa za nkhalango ndinkamuuza za pa Mbawa, ndipo mitengoyo inkanenepa ndi kutalika ulendo uliwonse. A Yotamu nawonso sankabisa. Inali njira yawo yonyadira, ndipo mlendo akaoneka kuti ali ndi miyendo ankamunyengerera okha kuti asathere pa Thanthwe.

Amuna ena awiri anakwera minibasi yathu mu Juni, chaka cha chisankho chachiwiri cha matipate. Anavala bwino, nsapato zoyendera, wina atanyamula kamera. Anandimva ndikukamba za mibawa n'kuyamba kufunsa mwachidwi, ndipo ine ndinawatsitsa pa mango n'kuwapereka kwa a Yotamu ndi dzanja langa. Madzulo tikubwerera ndinawapeza mkuluyo akumwetulira, zomwe sizinkachitika kawirikawiri. Anandiuza kuti lero ndawabweretsera anthu enieni. Anati alendo ambiri amangojambula zithunzi n'kufunsa kuti tibwerera nthawi yanji, koma awa anakumbatira mtengo uliwonse, mmodzi mbali iyi wina mbali inayo mpaka manja kukumana. Anaigogoda ndi chibakera n'kutchera khutu. Anabwerera m'mbuyo kuyang'ana kuwongoka kwake. Anafunsa ngati alonda amafikako, ndipo a Yotamu anadandaula nawo momasuka kuti masiku ano alonda atsala owerengeka ndipo safika n'komwe. Anafunsanso ngati ngolo ingayandikire, poti ankafuna kudzabwera ndi amayi awo okalamba, ndipo a Yotamu anawaonetsa pamene njira yawo imayandikana ndi msewu wakale wa mathirakitala a esiteti.

Munthu amene anadula mitengo theka la moyo wake anayenera kudziwa kuti wogogoda mtengo akumvetsera ngati uli ndi mphako, ndipo wokumbatira akuyeza matabwa. Iwo eni ananena zimenezi pambuyo pake. Koma ankakumbatira mitengo ija tsiku lililonse akafikako, ndiye ataona anthu ena akuchita chimodzimodzi anaganiza kuti apeza abale.

Patatha masabata awiri kunabwera uthenga wa maliro a mkulu wawo wa a Yotamu ku Thyolo. Ndinawanyamula ndine mpaka ku Lilongwe. Kumeneko anakhalako pafupifupi mwezi, poti panali zaka zambiri asanapiteko ndipo nkhani za pabanja zinawadikira. Atabwerera sanafikire kunyumba. Anasiya chikwama pa benchi n'kulowa m'nkhalango, ndipo a Nambewe anamva kwa anthu kuti amuna awo afika.

Pa Mbawa a Yotamu anapeza zitsa zinayi. Waukulu uja unali m'gulu la yodulidwa. Pambali panali dzenje lochekera matabwa, utuchi wofiira utadzaza mpaka m'kasupe, ndi malo amene anthu ankaphikapo. Matabwa anadutsa m'njira yawo yomwe ija, pa masitepe awo ndi pa milatho yawo, ndipo sanakodwe paliponse chifukwa njirayo inali yotakasuka bwino. Anakanena ku ofesi ya nkhalango, kunabwera anthu awiri, anayang'ana, analemba, anapita. Aliyense ankadziwa kuti ocheka aja adzabweranso mvula ikatha, chifukwa anasiya mitengo isanu.

A Yotamu sanalire pamaso pa anthu, ndipo sanatukwane. Anakhala pa benchi masiku atatu osanola khasu. Tsiku lachinayi anapita kukaunguza mbali ina ya phiri, ndipo mvula yoyamba itagwa anayamba ntchito imene anthu a m'mudzi anaitcha misala. Anayamba kupha njira ya pa Mbawa.

Kupha njira ndi ntchito yolemetsa kuposa kuilambula, ndipo anaichita okha. Anayambira kukasupe kubwerera m'mbuyo, kuti asapondenso pamene akonza. Anazula miyala ya masitepe n'kuigubuduzira kutali. Anachotsa milatho. Nthaka yolimba ndi mapazi anaigaula ndi khasu, n'kuzula zitsinde za udzu kwina kudzabzala mmenemo, n'kuwaza masamba ouma pamwamba. M'malo ena anabzala chitedze ndi minga. Pamene panali mphambano sanalembe mzere kapena kuika masamba aawisi, chifukwa kutero n'kuuza munthu kuti pano pali njira. M'malo mwake analambula njira yatsopano yokongola, yokhota mofanana ndi yakale, imene inkamutenga munthu maola awiri n'kukamutula pa Thanthwe kuchokera kumbuyo. Kutsatira kamtsinje sikukanathandiza aliyense, chifukwa Kachule amatsika m'phompho la miyala momwe ngakhale mbuzi imabwerera.

Nkhondo yaikulu inali kunyumba. Njira ija sinali ya alendo okha. Amayi a m'mudzi ankadzera mmenemo nthawi ya dzinja kukazula bowa, ndipo bowa wa utale wa kufupi ndi pa Mbawa unali wodziwika, waukulu ngati mbale. A Yotamu anayenda khomo ndi khomo kupempha kuti asapitekonso, chifukwa amayi khumi akadutsa kawiri pamalo amodzi, njira yadzuka. Amene anatsogolera kukana anali akazi awo. A Nambewe anawakumbutsa pamaso pa anthu kuti iwo ndi mkamwini, kuti phirilo analipeza, ndipo amayi awo ndi agogo awo ankazula bowa kumeneko a Yotamu asanadziwe kuti kuli dziko lotchedwa Mchinji. Anawauzanso kuti amene anaonetsa akuba njira si amayi a bowa. Mawu amenewa anali oona, ndipo a Yotamu sanayankhe ngakhale m'chilankhulo cha kwawo.

Anakhala milungu ingapo akulankhulana kudzera mwa mwana wawo wamkulu, Esinala, amene anali kale pabanja pake ndipo anatopa nako kuyenda pakati pa nyumba ziwiri. Kenako a Yotamu anapempha akazi awo kuti apite nawo kamodzi, kudzera mbali ya njira imene inali isanaphedwe, kotsalako n'kulambalala m'tchire. A Nambewe anandiuza okha nkhaniyi pa maliro a amuna awo. Anati atafika anaona zitsa, n'kuona kuti mbali ya kasupe imene mthunzi unachoka yauma, matope ang'ambika, pamene mbali ya mitengo yotsala madzi akutuluka. Iwo ndi amene ankatunga pa Kachule kuyambira ali mtsikana, ndiye sanafunike kuuzidwa zambiri. Anafunsa funso limodzi.

"Nanga inuyo, bambo a Esinala, muzidzera kuti pokaiona?"

"Sindidzapitakonso. Mapazi anga ndi mapazi ngati a wina aliyense."

A Nambewe anati apa m'pamene anadziwa kuti amuna awo sakuchita zamatama. Pobwerera anawathandiza kubzala udzu, ndipo Lamlungu analankhula ndi amayi anzawo atatuluka m'tchalitchi. Sikuti onse anamvera tsiku lomwelo, koma a Yotamu anawalambulira kanjira kena kopita m'misuku ya kumpoto, ndipo maola atatu opanda njira pakati pa chitedze anagonjetsa otsalawo. A Nambewe sanasiye kudandaula kuti bowa wa kumpoto ndi wochepa ndiponso wa mchenga. Ankanena zimenezi chaka chilichonse, amuna awo ali pomwepo.

Ocheka aja anabweradi mvula itatha, ali anayi tsopano. Anatsikira patali ndi mango kuti asaonedwe, n'kulowa m'nkhalango molimba mtima ngati eni ake. Iwo nkhalango sankaidziwa, ankadziwa njira. Njirayo inawatenga bwinobwino mpaka pa Thanthwe. Anabwerera, anayesanso, anakafikanso pa Thanthwe. Tsiku lachiwiri anasiya njira n'kulowa m'tchire, ndipo chitedze chinawalandira. Madzulo ake anatulukira pa mango akudzikanda ngati anyani, n'kupeza a Yotamu pa benchi akunola khasu. Mmodzi analimba mtima kufunsa za njira ya kumitengo ikuluikulu ija. A Yotamu anamuyang'ana ngati sanamuonepo n'kumuuza kuti kuno njira zilipo ziwiri, ya m'misuku ndi ya pa Thanthwe, asankhe. Amunawo anakwera minibasi ya mnzanga, ndipo akuti anakanda mpaka ku Lilongwe.

Pali chinthu chimene ndinasunga zaka zambiri. A Yotamu ali ku maliro ku Thyolo, amuna awiri aja anakweranso minibasi yathu, ndipo anali ndi katundu wautali, wopyapyala, wokulungidwa m'masaka. Ndinamulowetsa ndine pansi pa mipando, ndipo polowetsa anandicheka chala. Ndinadziwa kuti ndi sowo. Ndinadziuza kuti anthu a m'maesiteti amanyamula masowo tsiku ndi tsiku, ndipo galimoto inali yodzaza, dalaivala akukalipa. Ndinawatsitsa pamene anafuna n'kuiwala dala. Ndinadzawauza a Yotamu nditayamba kale udalaivala, tsiku lina nditaima pa mango kudikira injini kuti izizire. Anamvetsera mpaka ndamaliza, n'kunena kuti anamva kalekale kwa mayi wina amene anakwera nawo tsiku limenelo. Anati iwo anapereka njira, ine ndinapereka mpando, ndiye palibe woti aweruze mnzake. Ndinachita manyazi kwambiri, komanso ndinapepukidwa, ndipo chifukwa cha kupepukidwako ndinachita chopusa. Ndinawapempha kuti tsiku lina adzandilozere chabe kumene kuli chigwa chija, ine ndekha, sindidzauza munthu.

"Iwe Fanuwelo," anatero, "pa tsiku umalankhula ndi anthu angati?"

Atatero anapitiriza kunola khasu.

Anakhala zaka zina zisanu ndi zitatu kuchokera pamene anapha njira ija, ndipo sanapiteko. Ena ankati amapitako mobisa, koma a Nambewe akuti ayi, akanadziwa ndi jombo. Njira ziwiri zotsalazo anazisamala mpaka miyendo itayamba kutupa. Chaka cha njala anthu atalowa m'nkhalango kukumba zikhawo ndi mizu, iwo sanaletse aliyense, ankangoyenda m'mbuyo mwawo kukwirira maenje. Alendo anapitiriza kubwera, ndipo wina akati anamva za mitengo ikuluikulu, ankauzidwa kuti makondakitala ndi anthu abodza. Ine ndinavomera kukhala wabodza.

Chimene ndinkachiona osachimvetsa chinali chakuti nyengo yotentha ikafika, zipatso za mibawa zikamasweka, mkuluyo ankasowa pa benchi m'mawa. Ankakhala ali pa Kachule, pamene amayi amatunga, atakwinya buluku, akuyang'ana m'madzi pamene zinyalala zimakodwa pa miyala. Amayi ankawaseka kuti akusaka nkhanu. Ankasaka njere zija za kaphiko. Akapeza imodzi kapena ziwiri ankaziumitsa padzuwa n'kuziika m'chitini cha machesi, ndipo tsiku limenelo ankapereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa owotcha makala. M'mudzi monse ndi m'mphepete mwa Kachule mulibe mbawa ina. Njere ikatsika ndi madzi, ndiye kuti kumtunda mitengo ilipo. Chaka china njere zinachedwa milungu itatu, ndipo a Nambewe akuti amuna awo anasiya kudya bwino, kangapo konse anavala jombo n'kuima pakhomo akuyang'ana kuphiri, kenako n'kuvula.

Anamwalira kunyumba, masana, atadwala miyezi iwiri. Pa maliro panabwera madalaivala ndi makondakitala ambiri moti okwera anasowa galimoto theka la tsiku. Bokosi lawo linali la paini. Mlamu wawo wina ananena kuti munthu ngati ameneyu anayenera bokosi la mbawa, ndipo a Nambewe anamuyang'ana mpaka anakakhala kumbuyo.

Dzulo ndinaima pa mango popanda wotsika. Benchi yataya mwendo umodzi, wina anaichirikiza ndi njerwa. Mwala wonolera ukadali pomwepo, wolowa pakati ngati mtondo wosaya. Njira ya m'misuku ikuonekabe chifukwa amayi a nkhuni amaidyetsa, koma ya pa Thanthwe yayamba kuonda, udzu ukugwirana pamwamba pake. Mbali ya phiri yoyang'ana kumsewu ndi zitsa ndi maenje a makala. Ndinayesa kuloza ndi maso kumene kungakhale chigwa chija, ndipo timapiri tonse tinali tofanana.

Chitini chinali pansi pa benchi, chadzimbiri, chotsekedwa bwino. Machesi munalibe, poti palibenso wosecha alendo. Pansi pake panali njere zakale zakuda, zina zofumbwa. Pamwamba pake panali zitatu zatsopano, zofiirira, maphiko ake osathyoka. Ndinakumbukira kuti a Nambewe amatungabe pa Kachule, ndi kuti kuchokera kwawo kufika pa mango ndi ulendo kwa munthu wa msinkhu wawo. Okwera anayamba kugogoda mawindo. Ndinatseka chitinicho, ndinachibwezera pamalo pake, ndipo mayi wina atandifunsa kuti ndimaona chiyani, ndinamuuza kuti palibe, kuno njira zilipo ziwiri.